Digiri Yobwereketsa

1. Chipinda nambala seveni

Takondwa Likoswe anali mtsikana wa digiri ya kayendetsedwe ka mahotela ndi malo ogona alendo. Anaiphunzira zaka zinayi ndipo anakhoza bwino. Koma Lachisanu lina m'mawa anali atagwada m'chipinda nambala seveni pa loji ina ku Naperi, akukolopa kunsi kwa bedi.

Ntchito imene anamulembera inali yoperekera zakudya kwa alendo. Kukolopaku kunabwera chifukwa mayi wokonza m'zipinda anali atasiya ntchito, ndipo mwini loji sanafune kulemba wina. Pamalo amenewa munthu ankagwira ntchito iliyonse imene yamupeza ataima.

Anali atatha chaka ndi miyezi itatu pa lojiyo. Asanapeze malowa anayenda ndi maenivelopu m'mahotela a mu Blantyre ndi mu Limbe mpaka nsapato kudyeka chidendene. Kwina ankamuuza kuti sanagwirepo ntchito, ndiye sangamulembe. Kwina ankamulola kugwira miyezi itatu osalipidwa, kenako n'kumutsanzika ndi kalata yoyamikira. Makalata otere anali nawo atatu.

Ku Naperi ankalandira K120,000 pa mwezi. Kwawo kunali ku Machinjiri. Ankakwera minibasi mpaka m'tauni, kuchoka apo n'kuyenda wapansi. Ngakhale ankatero, ndalama zoposa theka zinkathera m'manja mwa makondakitala.

Manijala wa lojiyo anali Chancy, mwana wa mchimwene wake wa mwini loji. Chancy analemba mayeso a Fomu 4 kawiri, ndipo za zotsatira zake sankakonda kuzikamba. Akafuna kuyankha kalata ya alendo kapena kukonza ndandanda ya ogwira ntchito, ankaitana Takondwa. Takondwa ankalemba, Chancy n'kusaina.

Ndi Chancy yemweyo amene anasuzumira pakhomo la chipindacho, foni ili kukhutu.

"Tako, madamu akukufuna mu ofesi. Uyambe wasamba m'manja."

2. Mu ofesi ya madamu

Mwini lojiyo anali Mayi Petronela Sambani, mayi wojintcha wolankhula motsitsa mawu. Antchito onse ankawatcha madamu. Tsiku limenelo anamulozera Takondwa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Khala, mwana wanga. Ndili ndi nkhani yabwino."

Anafotokoza kuti bungwe lina lothandiza alimi linkafuna malo ochitirapo maphunziro kwa miyezi isanu ndi umodzi. Sabata iliyonse kuzibwera anthu makumi atatu, ogona ndi kudya pomwepo. Maloji ambiri ankailimbirana ntchitoyo.

"Koma anthuwa ali ndi malamulo awo," anatero madamu. "Akuti loji imene asankhe ikhale ndi manijala wa digiri ya zamahotela. Ndinasowa tulo nazo. Kenako ndinakumbukira kuti digiriyo tili nayo m'nyumba muno."

Takondwa anakhala tsonga. Anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma kale.

"Ndiye kuti mukundikweza, madamu?"

Mayi Sambani anaseka pang'ono, mwachifundo, ngati mmene munthu amasekera mwana akafunsa za mwezi.

"Pa pepala, mwana wanga. Pa pepala ukhala manijala. Chancy ndi magazi anga, ndingamuchotse bwanji? Kwathu akandinena chiyani? Iwe upitiriza ntchito yako monga kale. Chimene ndikufuna ndi chithunzi chako, siginecha yako pa mafomu awa, ndi digiriyo, yeniyeniyo, tiipachike muno kuti akabwera aione. Tsiku lobwera iwo ndidzakuuza, udzavala bwino, udzakhala pa mpando uwu ola limodzi. Basi."

Madamu anamulozera mafomuwo n'kupitiriza.

"Sindikupempha zaulere ayi. Ndizikuwonjezera K50,000 mwezi uliwonse. Tandiuza, kwanuko digiriyo ikugwira ntchito yanji? Si yangopachikidwa pakhoma, ikudya fumbi? Kuno izibweretsa kenakake."

"Ndikaganize kaye, madamu."

"Kaganize mpaka Lolemba. Sindikukakamiza. Kungoti a digiri ngati iwe amagogoda pageti apa sabata iliyonse. Ukakana, wina avomera, ndipo ine ndilibe malo a anthu awiri."

3. Chenjezo la a Msiska

Kuseri kwa khitchini kunali mtengo wa mapeyala. Pansi pake ndi pamene a Flexon Msiska ankasendera mbatatesi. Anali khukhi wa lojiyo, bambo wa imvi wochokera ku Rumphi, amene anabwera ku Blantyre ali mnyamata. Nthawi yopuma masana, Takondwa anakakhala pafupi nawo n'kuwafotokozera zonse.

A Msiska anamvetsera osamudula. Atamaliza, anaika mpeni m'beseni.

"Mwanangu, ndikuuze chimene sindinauzepo munthu pa loji ino. Iwe umandiona ndikusenda mbatatesi pansi pa mtengo, umayesa ndinayambira pomwe pano. Ayi. Ine ndinali khukhi wamkulu pa hotela ina yaikulu mu mzinda muno. Dzina sinditchula. Ndinali ndi anthu khumi ndi awiri pansi panga, ndi chipewa chachitali choyera. Ndinagwira pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Chaka china bwana wathu anayamba kugula nyama kwa mlamu wake. Nyamayo inkabwera pa galimoto yosaziziritsa, itayenda padzuwa. Lamulo linali loti khukhi wamkulu asaine kuti walandira nyama yabwino. Tsiku loyamba ndinakana. Bwana anandiitana, anandipatsa mpando, monga akupatsira iwe lero. Anati, 'Msiska, ndi pepala chabe ili. Ukuopa pepala?' Anandilonjeza kuti andikweza malipiro. Ndinali ndi ana anayi pa sukulu. Ndinasaina.

"Miyezi itatu zinayenda bwino, ndipo ndinayamba kudziseka kuti ndinkaopa chiyani. Kenako kunabwera ukwati. Anthu makumi anayi anathera kuchipatala. Apolisi atafika, bwana uja anatambasula manja. Anati, 'Ine ndine wa mu ofesi, nyama ndiidziwa bwanji? Onani amene anasaina.' Anatulutsa mapepala onse, atawasunga bwinobwino mu failo. Paliponse panali dzina langa.

"Ndinagona m'chitolokosi masiku awiri. Ntchito inatha popanda ngakhale tambala. Koma chimene chinandipweteka si chimenecho. Kulikonse kumene ndinkapita kukafunsa ntchito, dzina langa linali litafika kale ine ndisanafike. Ankati, 'Msiska wake uja wa ukwati?' Ana anga awiri anasiyira sukulu panjira. Bwana uja anapuma pa ntchito mwaulemu, anamupangira phwando."

Anatola mbatatesi ina n'kuitembenuza m'manja.

"Tsono tayang'ana pa loji ino. Magetsi akazima, jenereta imayaka? Ndalama ya mafuta amapatsidwa Chancy, mafutawo iwe unawaonapo? Nkhuku za m'firiji zimasungunuka, n'kuumanso, n'kusungunukanso. Ine ndimataya zimene ndingathe kutaya iye asanaone. Zozimitsira moto zili m'khonde zija zinatha mphamvu kalekale. Lero zonsezi si mlandu wako. Ukasaina, firiji ija ndi yako, jenereta ndi yako, koma makiyi ali m'thumba mwa Chancy. Udzakhala ndi mlandu wopanda ulamuliro. Chikomekome cha mkuyu, mwanangu, m'kati muli nyerere."

Poyankha, mawu a Takondwa anali ouma.

"Ndamva, a Msiska. Koma tandiuzeni, digiri yangayi ndi ya ndalama zingati? Ababa anagulitsa theka la puloti kuti ndiphunzire. Kusukulu ankatiuza kuti alendo akuchuluka m'dziko muno, mahotela akumangidwa, tidzachita kusankha ntchito. Tinamaliza anthu makumi asanu ndi limodzi. Amene ali pa ntchito yeniyeni sakwana khumi, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi achibale m'mahotelamo. Lero ndi tsiku loyamba munthu kuiikira mtengo digiri yanga. Ndikane?"

"Sindikunamiza kuti ukakana ulemera," anatero a Msiska. "Ungathe kuvutika koposa pano. Ine si mneneri. Ndikungokuuza kuti zimene unaphunzira zili m'mutu mwako, ndipo ndaziona zikugwira ntchito. Amene akuyendetsa loji ino ndiwe, aliyense akudziwa. Madamu sakufuna kugula zimenezo, poti akuzipeza kale motchipa. Akufuna kugula dzina lako. Ndipo dzina munthu amakhala nalo limodzi."

Belu la m'chipinda chodyera linalira. Takondwa anaimirira n'kumanganso epuloni.

4. Aliya

Loweruka madzulo, akuyenda kuchoka ku Naperi kupita kokwerera minibasi, kagalimoto kena kakale kanaima pambali pake. Kumbuyo kunali mapoto akuluakulu ndi mbale zosanjikizana. Woyendetsa anatsitsa galasi.

Anali Aliya, mnzake wa ku sekondale. Aliya sanapeze malo ku yunivesite. Anayamba ndi kukazinga tchipisi ku Chilomoni, ndipo tsopano ankaphika m'maukwati ndi m'zinkhoswe.

"Kwera, ndikakutule m'tauni. Wa digiri n'kumayenda wapansi?"

Ananena mwanthabwala, koma Takondwa anamva kuwawa. Anakwera. M'njira anamufotokozera za madamu, mwina poganiza kuti Aliya amuuza kuti asaine.

"Zisiye zimenezo," anatero Aliya. "Bwera tizigwira limodzi. Ine kuphika ndimatha, koma kuwerengera kuti anthu mazana atatu adya mpunga wochuluka bwanji ndimangolota. Mwezi watha ndinataya ntchito ya kampani ina chifukwa sindinathe kulemba kalata yooneka bwino. Iwe zimenezo unaphunzira."

"Uzindilipira zingati?"

"Pa mwezi sindingalonjeze. Tizigawana zimene tapeza. Miyezi ya maukwati zimayenda, nthawi ya mvula timakhala. Komanso usayese kuti uzingogwira cholembera. Mapoto awa timatsuka tonse."

Takondwa anacheuka n'kuyang'ana mapotowo. Anali akuda ndi mwaye kunsi.

"Ababa akamva kuti mwana amene anamugulitsira puloti akutsuka mapoto a Aliya, ndiye kuti ndawapha."

"Nanga panopa ukutsuka za ndani?"

Takondwa anayang'ana kunja pawindo. Atafika m'tauni anatsika, anathokoza, n'kulonjeza kuti aimba foni. Onse awiri anadziwa kuti saimba.

5. Khoma la pabalaza

Bambo ake a Takondwa, a Nedson Likoswe, anali mmisiri wowotcherera zitsulo ku Chirimba. Anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu, nthawi zambiri opanda magalasi oteteza maso. Tsopano maso awo ankangoona zinthu ngati zili mu utsi, ndipo ntchito anasiya. Banja linkadalira kabenchi ka tomato ndi anyezi ka mayi ake, a Constance, ndi zotsala za malipiro a Takondwa.

Theka la puloti limene anagulitsa lija linali kum'mawa kwa nyumba yawo. Wogulayo anamangapo nyumba ya mpanda wautali. Kuyambira pamenepo dzuwa la m'mawa silinkafikanso pakhonde la a Likoswe.

Digiri ya Takondwa inali pabalaza, mu felemu yachitsulo imene bambo akewo anawotcherera okha maso asanafooke. Mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa digiriyo asanapatsidwe madzi.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, Takondwa anadikira kuti bambo ake atuluke panja. Anakwera pa mpando n'kuyamba kuchotsa felemuyo. Chitsulo chinakhudza msomali n'kulira.

"Ndani akugwira digiri?" A Likoswe anali ataima pakhomo.

"Ndine, ababa."

"Ikupita kuti?"

Takondwa anatsika pa mpando, felemu ili pachifuwa.

"Kuntchito akuifuna. Akuti aipachike mu ofesi. Andilemba kuti ndine manijala."

Sananame liwu ndi limodzi lomwe. Anangosiya mawu ena. A Likoswe anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Constance, tabwera udzamve. Mwana wako ndi manijala."

Mayi ake anabwera kuchokera kuseri, manja ali ndi thovu la sopo. Anaima pakhomo.

"Khala apa, mwana wanga," anatero a Likoswe. "Lero ndikuuze. Tsiku limene ndinagulitsa malo aja, akulu anga anabwera kuchokera ku Bangwe kudzandiletsa. Anati, 'Nedson, wapenga? Ukugulitsa dothi chifukwa cha digiri yoyala mabedi? Bwenzi akanaphunzira unamwino kapena uphunzitsi, boma likanamulemba. Dothi silitha, koma pepala limanyowa.' Ndinawauza kuti mwana wasankha yekha, ndipo ine ndimukhulupirira. Chichokereni tsiku limenelo sitilankhulana bwino. Pa maliro alionse amandifunsa pagulu kuti, 'Bwanji a manijala athu, ayamba liti?' Anthu n'kumaseka. Ine ndimangoweramitsa mutu.

"Sindinakuuze zimenezi chifukwa sindinkafuna kukusenzetsa katundu. Ndinkakumva ukutuluka m'mamawa, ndinkamva nsapato zako kuti zatha, ndinkadzifunsa ngati ndinakulakwira. Lero Mulungu wandiyankha.

"Tsono mvera, poti mpando umasintha anthu. Usadzanyoze wokolopa, iwenso wagwirapo chikolopa. Malipiro a anthu usadzachedwetse ngakhale tsiku limodzi, sudziwa chimene asiya kunyumba. Ndalama ya abwana usadzaikhudze, ngakhale itagwera pansi. Ndipo usadzaname pa ntchito. Ine geti ndikaliwotcherera mwachinyengo, linkaoneka bwino tsiku lolipereka, koma pakatha miyezi linkagwa, ndipo mwini wake ankadziwa kumene ndimakhala. Bodza la pa ntchito limatero. Limadikira."

"Ndamva, ababa."

"Mawa ndiimbira akulu anga."

"Musafulumire, ababa. Zikhazikike kaye."

"Ndadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndifulumira bwanji?"

Takondwa anakulunga felemuyo m'chitenje n'kukaiika kuchipinda. Potuluka anapeza mayi ake akumudikira kuseri, pafupi ndi beseni la zovala.

"Manijala wa ndalama zingati?" anafunsa motsitsa mawu.

"Awonjezera fifite sauzande."

"Nanga mnyamata uja, wachibale wa madamu, akupita kuti?"

Takondwa anayang'ana kumbali.

"Ndinadziwa," anatero mayi ake. "Munthu wokwezedwa pa ntchito sachotsa digiri pakhoma ngati akuba nkhuku. Ukanalowa m'nyumba muno ukuvina. Tamvera, Takondwa. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, za mahotela sindizidziwa. Koma pa msika ndakhalapo zaka makumi awiri. Munthu akabwera pa benchi langa n'kuyamba kunditamanda, ndimagwira kachikwama kanga. Mayi amene wakukolopetsa chaka chonse lero wakuitana kuti mwana wanga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndalamayo tikuifuna, sindikana. Bambo ako akufunika kuonedwa maso, denga likudontha. Koma takhala tikudya zochepa, sitinafe. Pita ukawauze bambo ako zoona, lero lomwe, asanaimbe foni ku Bangwe."

Takondwa anasuzumira pawindo. Bambo ake anali atakhala pomwe paja, akuyang'ana pakhoma pamene panali felemu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Anali asanawamve akuimba chichokereni ku Chirimba.

"Sindingathe, amayi."

"Ukuopa kuwakhumudwitsa lero. Tsiku limene adzamve kwa anthu ena udzawatani?"

Mayi ake anawerama n'kupitiriza kuchapa.

6. Siginecha

Lolemba m'mawa Takondwa analowa mu ofesi ya madamu ndi chitenje chake. Mafomu anali okonzeka kale patebulo, malo osaina atachongedwa ndi pensulo. Anayamba kuwerenga tsamba loyamba.

"Ndi zachizungu chabe izo," anatero madamu. "Alendo akudikira tiyi."

Anawerengabe. Pa tsamba lachitatu panalembedwa kuti manijala ndiye adzayankhe pa za ukhondo wa zakudya ndi chitetezo cha alendo, ndipo akutsimikiza kuti zonse zolembedwa mu fomuyo ndi zoona. Takondwa anaima pamenepo.

"Madamu, ndikasaina, mundilole ndiziyang'anira firiji ndi mafuta a jenereta."

"Zimenezo ndi za Chancy. Usayambe kukula mutu ntchito isanabwere n'komwe."

Cholembera chinali m'manja mwake. Panja wina anali kuitana kuti tebulo lachiwiri lilibe shuga. Takondwa anasaina malo onse anayi.

Chancy anabwera ndi hamala. Anakhoma msomali kumbuyo kwa mpando umene iye ankakhalapo mu ofesimo, pamwamba penipeni pa mutu wake, n'kupachika digiriyo. Anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati yawongoka.

"Felemu yake ndi yachimidzi," anatero. "Koma ichita."

Takondwa atapita kukhitchini kukatenga shuga, a Msiska anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha. Anamupatsa mbale ya shuga n'kubwerera ku chitofu.

7. Mlendo wosayembekezeka

Patatha milungu itatu, yankho linabwera. Bungwe lija linasankha loji ya Mayi Sambani. Geti linapakidwa penti yatsopano. Chancy anagula foni ina. Mwezi utatha Takondwa analandira K50,000 yake mu enivelopu yapadera, yosalembedwa paliponse. Anagula malata awiri n'kulipira dokotala wa maso. Ku Bangwe nkhani inali itafika kale, ndipo akulu awo a bambo ake anatumiza uthenga woti abwera kudzaona ofesi ya mwana wawo.

A bungwe ananena kuti adzayendera malowo Lachinayi, maphunziro asanayambe. Madamu anauza Takondwa kuti tsikulo adzabwere ndi suti. Anabwereka suti kwa mnzake wa kutchalitchi n'kuisita Lachiwiri madzulo.

Lachitatu cha m'ma teni koloko, Takondwa anali m'chipinda chodyera, atavala epuloni, akuchotsa mbale za alendo amene anachedwa kudya. Pakhomo panalowa mayi wina wamtali wa magalasi, atanyamula failo yabuluu. Chancy anatuluka mu ofesi akumwetulira.

"Takulandirani, mayi. Mukufuna chipinda?"

"Ayi. Ndine Dorcas Nyirenda, ndachokera ku bungwe limene lichititse maphunziro pano. Tinati tibwera mawa, koma ndinali kudutsa, ndiye ndati ndiyambe ndaona khitchini. Inu ndinu ndani?"

"Ndine Chancy, mani..." Anameza mawuwo. "Ndimathandizira kuno."

"Chabwino. Ndiitanireni a manijala."

Chancy anayang'ana uku ndi uku. "Atuluka pang'ono, mayi. Apita ku banki."

Takondwa anayesa kudutsa mwakachetechete kulowera kukhitchini, thileyi yodzaza mbale ili m'manja. Supuni imodzi inatsetsereka n'kugwa pansi. Mayi Nyirenda anacheuka. Anamuyang'ana, kenako anatsegula failo ija. Pa tsamba loyamba panali chithunzi. Anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ananso mtsikana wa epuloniyo.

"Takondwa Likoswe ndi inu?"

"Ndine, mayi."

"A ku banki aja?"

Chitseko cha ofesi chinatseguka, Mayi Sambani n'kuima pakhomo. Maso awo anali pa Takondwa. Kukhitchini mpeni umene unkadula kabichi unasiya kulira.

Mayi Nyirenda anakoka mpando n'kukhala. Anatulutsa cholembera, anachitsegula, n'kuchiika pa failo.

"Tulani thileyiyo, achemwali. Pa fomu iyi munasaina kuti zonse ndi zoona, ndipo bungwe lathu latumiza kale ndalama chifukwa cha siginecha imeneyi. Ndikufunsani funso limodzi. Muganize musanayankhe, chifukwa zimene munene ndilemba. Pa loji ino inu mumagwira ntchito yanji?"